Mfundo Yachisanu ndi Chiwiri

Julaye wa ku Mzuzu sachita odi.
Amalowera pansi pa chitseko n'kukukhala pamaondo.
Ine ntchito yanga ndi kulemba zokambirana ku khonsolo,
zala zitauma gwaa ngati makaka,
cholembera chikukana mpaka nditachiuzira mpweya.

Lero tayamba mochedwa ndi maola awiri.
Khansala wina ali pamaliro ku Ekwendeni,
wina galimoto yake yakana kulira ndi chisanu,
wina wafika, wasaina, wafunsa za alawansi.

Mfundo yoyamba, pemphero.
Yachiwiri, zinyalala za mumsika.
Yachitatu, mavenda abwereranso m'misewu
ndi makoti a kaunjika ndi zipewa zaubweya.
Koti ya wapampando ndikuidziwa mulu umene inachokera
koma zimenezo sizilowa m'buku.

Yachisanu ndi chiwiri ndinachita kuiloweza:
kamlatho ka kwathu kumunsi kwa Masasa,
kamene madzi anakanyamula dzana.
Komiti ya zomangamanga inaipatsira ya zachuma,
ya zachuma ikudikira kalata,
kalatayo ikudikira sitampa,
mwini sitampa ali ku maphunziro.
Ndalemba: yaimitsidwa kaye.
Dzanja limalemba lokha mawu amenewa.

Madzulo ndatsika ndi nkhungu.
Sukulu anatsekera Lachisanu,
ana ali mbwee m'makwalala, milomo yosweka, miyendo yotuwa,
majuzi a akulu awo akulendewera m'manja.
Koma lero mpira wa mapepala wagona wokha pabwalo.
Onse ali kukhwawa.

Walinase wanga, wa Sitandade sikisi,
wasenza thumba la mchenga lomuposa msinkhu.
Fiskani wa kabaza wabwera ndi milimo iwiri ya bulugamu.
A Kayira akalipentala apereka zigwagwa ndi misomali yopindika,
anyamata akuiwongola pamwala, khoo, khoo.
NyaThindwa wasamutsira mbaula yake pompo,
akuotcha mbatata, sakuwerengera ndani wadya,
iye amene kandodo ka machesi amakalemba pangongole.
Ndafunsa anawatuma ndani.
Akuti agogo a Chawanangwa anagwera m'madzi Lamlungu
akupita ku tchalitchi, Baibulo m'mwamba.

Masiku anayi.
Kamlatho kopendekeka, kolira ukakaponda,
koma mbuzi yawoloka, njinga yawoloka,
mayi wapakati wawoloka akuseka, atagwira mpweya.

Msonkhano wotsatira, mfundo yatsopano yachisanu ndi chitatu:
chomangidwa popanda chilolezo m'dera la Masasa.
Ndani anavomereza pulani?
Chikathyoka adzayankhe ndani?
Funso lachiwirilo ndi loona, ndavomera chamumtima.
Ndalemba zonse, mutu uli pansi,
matope a kamlathoko adakali kunsapato.

Anatumiza a Silungwe ndi tepi yoyezera.
Anafika m'mawa, mawawa akugwa, mpango m'khosi.
Anayeza tsidya lino.
Kuti ayeze tsidya linalo anayenera kuwoloka,
ndipo anawoloka.
Pakati anaima, nadumphadumpha pang'ono ngati mwana,
nayang'ana pansi pamene madzi amadutsa.
Anafunsa mayina a omanga.
Ana anathawira kuseri kwa nthochi,
kupatula wanga uja, chimfine chili chuchuchu,
amene anati: Walinase, ndi l mmodzi,
ndipo mulembenso kuti misomali yatithera.

Lipoti lawo lafika pa desiki panga lero.
Mizere itatu yokha, wachitatu ndi wa misomali.
Sindikudziwa kuti ndiliike mufayilo iti,
yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chitatu.
Tiyi wazizira m'kapu.
Panja nkhungu yameza mapiri a Kaning'ina,
ndipo sukulu atsegulira masabata atatu akubwerawa.